Phunziro: Za Ana Athu Ogwira Nchito Cokhala Pansi

Phunziro la mwezi uno likamba za thupi la munthu, ndipo ndiyamba ndi cimene ndinaciona ndi maso anga.

Pa Khirisimasi wa caka catha anafika kwathu ku Bua mwana wa mlongo wanga, amene agwira nchito m'ofesi ya yunivesite ina kutali ndi kuno. Nchito yace ndiyo kulemba maina a ophunzira ndi kusunga zotsatira za mayeso ao m'kompyuta. Potsika iye m'galimoto, akazi a pamudzi analuluta, nati, Taonani mwana wathu wanenepa. Ameneyu ndiye akudya bwino. Inenso ndinakondwera nao pamodzi. M'mawa mwace ndinamuitana kuti tikaone nazale ya mpunga ya amace kudambo, mtunda umene mwana wa zaka 8 auyenda kawiri pa tsiku osadandaula. Tisanafike ndi pakati pomwe, iye anaima patsinde pa mtengo wa mango, nagwira m'ciuno, alikupuma wefuwefu. Ameneyu ndiye mnyamata amene kale anali kupalasa bwato kucokera pa mathiriro a Bua kunka pakati pa nyanja, nakoka khoka kufikira mbandakuca. Ndinamfunsa, Kodi wadwala, mphwanga? Iye anati, Iai, atsibweni, kungoti dokotala anandiuza kuti mwazi wanga uthamanga, nati ndiziyenda pansi masiku onse. Ndinati, Nanga uyenda kodi? Anaseka, nati, Ndidzayamba.

Mau amenewa akuti, Ndidzayamba, ndiwo mutu wa phunziro lathu. Pakuti mnyamatayu si mbuli. Anaphunzira koposa ife tonse, ndipo adziwa bwino lomwe kuti kukhala pa mpando tsiku lonse kumuononga. Cimene cimsowa si nzeru ai, koma kukonzeka kwa mtima. Ndipo ndalembera inu a m'midzi, mungakhale simukhala m'maofesi, cifukwa ana awa ndi athu: ndife tiwalandira akabwera, ndife tithandizidwa ndi ndalama zao, ndiponso ndife tidzawatembenuza pamphasa akadzafa ziwalo. Mau athu afulumiza kukonzeka kwao, kapena akucedwetsa.

Nchito ya m'mudzi ndi nchito ya m'ofesi

Munthu wa kuno safunsidwa konse ngati ali wokonzeka kuyendetsa thupi. Njala ndiyo imdzutsa. Mwamuna alawira ndi khasu kudambo, aponda matope kufikira m'maondo, aokera mpunga cowerama dzuwa lonse. Wina agwira nkhafi usiku. Mkazi atunga madzi, atola nkhuni, azula cinangwa naciviika, nacisinja kuti pakhale ufa wa kondoole. Palibe mmodzi wa iwo anena kuti, Lero ndalimbitsa thupi. Thupi lilimba lokha m'kati mwa nchito, monga mpeni unoleka posema.

Tsono taonani tsiku la mwana wathu wa m'ofesi. Adzuka, nakwera minibasi kapena galimoto pafupi ndi khomo lace. Afika, nakhala pa mpando. Pakati pa m'mawa amwa tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi. Masana adya nsima yoyera ndi nyama, kapena cipisi, natsitsira cakumwa cotsekemera ca m'botolo; nabwerera pa mpando womwewo kufikira dzuwa litapendeka. Kale kalaliki ananyamukako kukapereka kalata ku cipinda cina. Lero kalatayo ipita yokha pa intaneti, iye ali cikhalire. Madzulo akweranso galimoto, nakhala pansi kupenya wailesi ya kanema kufikira tulo. Adya monga mlimi, koma thupi lace ligwira nchito yocepa koposa ya nkhalamba yoluka mphasa pakhonde.

Anthu otere alikucuruka m'dziko lathu. Pamene Yunivesite ya Malawi inatsegula zitseko zace ku Chichiri mu Blantyre m'caka ca 1965, ophunzira anali 90 okha. Lero masukulu aukacenjede ali ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo, mu Blantyre ndi mu Lilongwe, osawerenga a mipingo ndi a anthu wamba. Ife tikamva za yunivesite tiganiza za aphunzitsi ndi ophunzira. Koma kuseri kwao kuli khamu la alembi, owerengera ndalama, osunga mabuku, olemba malipiro ndi oyang'anira makompyuta. Wophunzira athamanga kucoka m'kalasi iyi kunka m'kalasi iyo, mphunzitsi aimirira pophunzitsa. Koma awa a m'ofesi ndiwo akhalitsa pansi koposa onse.

Madalaivala ndi makondakitala a ku London

Kapena wina adzati, Kukhala pansi kuli ndi cobvuta cotani? Si mpumulo umene tonse tiulakalaka? Funso ili linayankhidwa kale, ndipo nkhani yace njokoma kuimva.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, madokotala a ku England anadabwa kuona amuna ambiri alikufa mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima. Dokotala wina dzina lace Jeremy Morris anaganiza zofufuza pakati pa anchito a mabasi a mu London, amuna ngati 31,000. Mabasi a kumeneko ali osanjikana, okhala ndi cipinda capansi ndi capamwamba. Dalaivala anali kukhala pa ciongolero tsiku lonse. Koma kondakitala anali kukwera ndi kutsika makwerero potolera ndalama, masitepe 500 kufikira 750 pa tsiku. Anthu awiriwa anali a mzinda umodzi, a kampani imodzi, opuma mpweya umodzi. M'caka ca 1953 Morris analengeza cimene anapeza: nthenda ya mtima inagwira madalaivala koposa makondakitala, ndipo pogwira madalaivala inali kupha msanga. Anayang'ananso anchito a ku positi, napeza comweco: oyenda pansi ndi a panjinga operekera makalata m'makomo anapulumuka koposa okhala pansi m'ofesi kulemba ndi kuyankha telefoni.

Ena anamtsutsa, nati, Kapena anthu onenepa kale ndiwo asankha udalaivala. Tsono iye anapita kukaona miyeso ya mathalauza amene kampani inali kugawira anchito ace. Anapezadi kuti madalaivala anali a m'mimba mwamukuru. Koma anapezanso kuti kondakitala, angakhale wonenepa angakhale woonda, anali wochinjirizika koposa dalaivala wa thupi lofanana naye.

Komatu munthu wa m'ofesi sangasiye nchito yace kuti akhale kondakitala. Cifukwa cace Morris anatsata anchito a m'maofesi a boma ngati 17,000, nawafunsa zimene acita akaweruka. M'caka ca 1973 anaonetsa kuti amene anali kusambira, kupalasa njinga, kukumba m'dimba kapena kuyenda msangamsanga pa nthawi yao yopuma, nthenda ya mtima inawagwira osafika theka la anzao ongokhala. Apa ndipo pali citonthozo ca ana athu: cimene nchito ya mpando ilanda, munthu akhoza kucibweza ataweruka. Morris mwini wace anacita zimene anaphunzitsa, nayenda ndi kusambira kufikira ukalamba, namwalira m'caka ca 2009 ali ndi zaka 99.

Cicitika nciani m'thupi?

Nsima imene tidya isanduka shuga m'mwazi. Minofu yogwira nchito ikoka shugayo niitentha, monga moto utentha nkhuni. Koma minofu yogona siikoka bwino; shuga atsala m'mwazi, wina asanduka mafuta naunjikana m'mimba, ndipo pakupita zaka munthu agwidwa nthenda ya shuga. Mitsempha nayo iri ngati ngalande za ku sikimu ya mpunga ya Bua. Mudziwa inu nokha kuti ngalande yosalambula idzala matope niicepa, madzi nabvutika kupita. Mitsempha ikauma ndi kucepa, mtima ukankha mwazi ndi mphamvu yoposa muyeso, ndiyo nthenda imene a m'tauni aicha BP. Nthendayi kawirikawiri siimveka kuwawa. Munthu adya, aseka, apita ku nchito; tsiku lina mtsempha wa m'mutu utsekeka kapena uphulika, ndipo agwa, mbali imodzi yafa, pakamwa papotoka. Pamenepo ife a kumudzi tiyamba kufunsana kuti wamlodza ndani ku nchitoko.

Izi si za Azungu okha. M'caka ca 2009 Unduna wa za Umoyo pamodzi ndi bungwe la WHO, loyang'anira umoyo pa dziko lonse, anapima Amalawi oposa 5,000 a zaka 25 kufikira 64. Mmodzi mwa atatu ali onse anapezeka ndi mwazi wothamanga, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwowa sanali kudziwa kapena kumwa mankhwala. Nthendayi inapezeka ndi kumidzi komwe, pakuti mcere wambiri, mowa, fodya, ukalamba ndi cibadwa ca kumtundu ziibweretsanso, tsono tisanyade. Koma za kunenepa zisiyana. Pakati pa 2013 ndi 2016 anapima anthu ngati 29,000 ku Chilumba m'boma la Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe. Mwa amuna 100 a kumudzi, onenepa kopitirira muyeso anali 9, koma m'tauni 18. Mwa akazi 100, kumudzi 27, m'tauni 44.

Muyeso wa mankhwala ace ngwocepa modabwitsa. M'caka ca 2020 a WHO analangiza kuti munthu wamkuru ayendetse thupi mphindi 150 kufikira 300 pa sabata, ndiponso acite nchito yolemetsa minofu masiku 2 pa sabata. Mphindi 150 ndiko kuyenda mphindi 30 pa tsiku, masiku 5. Liwiro lace ndi ili: ayende kotero kuti akhoza kulankhula ndi mnzace, koma sakhoza kuyimba nyimbo. Ku America m'caka ca 2002 analengeza zotsatira za kuyesa anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Amene anayenda mphindi 150 pa sabata, nacepetsa mafuta m'zakudya, natsitsako thupi pang'ono, anapulumuka kotero kuti pamene akadadwala anthu 100, anadwala 42 okha. Mkazi wa kuno akwanitsa mphindi 150 zimenezi lisanathe Laciwiri.

Makwerero a mtima

Ngati mankhwala ali ocepa cotere, ndiponso aulere, nanga ophunzira bwino alekeranji kumwa? Apa ndipo tifunika kukhalitsa.

Aphunzitsi awiri a ku America, James Prochaska ndi Carlo DiClemente, anafufuza anthu osuta fodya amene anali kuyesa kuleka okha. M'caka ca 1983 analemba kuti munthu sasintha cizolowezi tsiku limodzi monga kubvula malaya, koma apita m'makwerero. Pambuyo pace, m'caka ca 1992, Bess Marcus ndi anzace anayesa makwerero omwewo pa za kuyendetsa thupi, pakati pa anchito a boma ndi a m'cipatala. Ine ndidzawafanizira ndi ulimi wa mpunga, umene tonse tiudziwa.

Woyamba ndiye wosaganizako konse. Ali ngati munthu wokhala ndi dambo la chire, napitapo tsiku ndi tsiku osaliyang'ana. Mukamuuza za kuyenda pansi, ati, Ine ndiri bwino, atate anga anafa ndi zaka 80 osathamanga. Munthu wotere kumgulira nsapato zothamangira ndi kutaya ndalama. Cimene cimthandiza ndi kumva nkhani yoona, monga ya madalaivala aja, ndi kupimitsa mwazi wace kuti aone nambala ndi maso ace.

Waciwiri ndiye wolingalira, amene anena m'mtima kuti adzayamba isanathe miyezi 6. Mphwanga uja ali pamenepa, ndipo ndiyesa kuti ana athu ophunzira ambiri ali pomwepa. Aima m'mphepete mwa dambo, nati, Pano mpunga ungacite bwino, nabwerera kunyumba. Mtima wace uli pawiri. Mbali imodzi aona phindu. Mbali yina aona kutopa, kusowa nthawi, pfumbi la m'njira, galimoto zothamanga, ndi kuseka kwa anzace. Mbali ziwirizi zilemera cimodzimodzi, tsono sikelo siipendeka. Khwerero ili ndilo loopsa koposa onse, cifukwa munthu akhoza kukhalapo zaka zambiri ali wokondwa, poyesa kuti kuganiza za cinthu ndiko kuyamba kucicita. Amva dokotala, nabvomera ndi mutu. Awerenga m'nyuzipepala, nati, Zoonadi izi. Januwale akafika ati, Mvula ikatha. Mvula ikatha ati, Kwazizira. Kukafunda ati, Mayeso a ophunzira acuruka, nchito yandipanikiza. Caka catha, dambo likali chire. Kumkalipira munthu wotere sikuthandiza. Mukakoka mbali imodzi, iye agwiritsa mbali yina, nayamba kukuwerengerani zifukwa zace zonse, ndipo pozichula azikhulupirira koposa kale. Kuli bwino kumfunsa, Cikuletsa nciani makamaka? ndi kumleka ayankhe yekha. Kawirikawiri codzaturuka si ulesi ai. Wina aopa agalu ndi acifwamba m'mamawa. Wina acita manyazi ndi mimba yace. Wina ayesa kuti kulimbitsa thupi kufuna nyumba ya makina yolipira ndalama mwezi ndi mwezi. Cifukwa cikachulidwa dzina, cikhoza kucotsedwa.

Wacitatu ndiye wokonzeka, amene adzayamba mwezi womwe uno. Wagula mbeu, wakonza nazale. Ameneyu safuna ulaliki. Afuna tsiku, ora, njira ndi mnzace woyenda naye. Wacinai ndiye wayamba, koma miyezi 6 isanakwane. Mpunga wace waokeredwa kumene, mizu isanagwire, ndipo madzi akasefukira ukokoloka. Wacisanu ndiye wapitirira miyezi 6, amene tsiku losayenda amva thupi kulemera.

Marcus ndi anzace anapeza kuti cosiyanitsa anthu m'makwerero awa ndi kudzikhulupirira: wa pamwamba anena, Ndikhoza kuyenda ndingakhale ndatopa, ingakhale mvula irikugwa, wa pansi alibe cikhulupiriro cimeneco. Ndipo kudzikhulupirira sikubwera ndi mau, kubwera ndi kupambana pa zazing'ono. Woyenda mphindi 10 lero akhulupirira kuti mawa akhoza 15. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Koma wodzuka tsiku limodzi nathamanga makilomita 10 ndi thupi la zaka 45 agona sabata yathunthu ndi miyendo yotupa, nalumbira kuti sadzayesanso.

Anzeru ena atsutsa ciphunzitso ici, nati mtima wa munthu suyenda m'makwerero oongoka cotere. Wina asintha tsiku limodzi ataona mnzace wa m'ofesi atagwa. Ine ndibvomerezana nao pang'ono, pakuti ndaona anthu akudumpha makwerero atatu pa maliro amodzi. Koma ndigwiritsa zinthu ziwiri zimene ndaziona kuti nzoona. Mau oyenera munthu wa pa khwerero lina sayenera wa pa khwerero linzace. Ndipo kubwerera m'mbuyo si kulephera: eni ciphunzitsoci ananena okha kuti ambiri aterereka kangapo asanakhazikike. Mlimi amene mpunga wace wakokoloka sagulitsa dambo. Abwerera ku nazale.

Mlandu wathu wa ife a kumudzi

Tsopano ndinene cobvuta, ndipo ndiyamba kudzitsutsa ndekha, pakuti ndinali pakati pa okondwera tsiku lija.

M'masiku a Azungu, Bwana Disi, a malonda, ndi amishoni omwe poyenda ulendo ananyamulidwa m'macila pa mapewa a amuna, amtengatenga natsata pambuyo ndi akatundu pamutu. Makolo athu anaona, nazindikira kuti wamkuru ndiye wosaponda pansi. Macila anatha kalekale, koma ndiyesa ine kuti m'mitima yathu akalimo. Mwana wathu akafika, timlanda cikwama, timthamangira ndi mpando, timletsa kugwira khasu, nkunena, Manja a cholembera awa, mungacite matuza. Akafuna kunka kumsika tiitana kabaza. Tikamva kuti ayenda pansi popita ku nchito ali nayo galimoto, tinong'onezana kuti, Zamthera, ngongole zamgwira. Ndipo kumeneko ku tauni anzace ali ndi mtima womwewo, pakuti naonso ndi ana a midzi yathu yomweyi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma manyazi amenewa ndife tinawaphunzitsa.

Za kunenepa nazo tiziyesa dalitso ndi cizindikiro ca mtendere m'banja. Sitinalakwe konse pa ciyambi, pakuti m'dziko la njala ndi malungo munthu wa thupi ndiye anali kupulumuka. Ndipo kuyambira caka ca 1985, pamene Edzi inapezeka m'dziko muno, kuonda kunasanduka cinthu coopsa. Tinaika m'manda anthu ambiri oonda, ndipo aliyense wotsika thupi tinali kumloza cala. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'caka ca 2004, zinthu nzosintha, koma maso athu akali a masiku aja. Potero mwana amene wamvera dokotala natsitsa thupi, pofika kumudzi alandiridwa ndi nkhope zacisoni ndi mafunso a kuseri. Adzabwereranso bwanji ku njira imeneyo? Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere; mwambi uwu tiunena za anthu onyenga, koma uyeneranso mimba imene tiiombera m'manja.

Ana athu akazi ndiwo asenza katundu wolemera koposa. Akaweruka ku ofesi, mwamuna apumula, koma iye ayamba za mphika ndi ana, ndipo mphindi 30 zija zisowa pokhala. Kukada sakhoza kuyenda yekha. Akabvala zothamangira, alipo onena kuti wataya mwambo. Ndipo tikumbukire kuti kuyambira 1973 kufikira 1993 lamulo la dziko linaletsa mkazi kubvala thalauza, tsono amai ace ndi apongozi ace anakulira m'lamulo limenelo. Akaonda, akucimuna ati mwana wao samsamala. Inu apongozi, mau anu amodzi akuti, Mlekeni ayende, akhoza kucita zimene madokotala atatu alephera. Ndipo ndidabwa kuti ife amene tiyamikira mkazi wobvina ciwoda kufikira thukuta kamukamu, ndi mwamuna woponda malipenga masana onse, ndife tomwe tiyesa camanyazi kuti munthu wophunzira aturutse thukuta.

Zonena pa telefoni

Mukalankhula ndi mwana wanu, yambani mwadziwa khwerero limene alipo. Mfunseni ngati anapimitsa mwazi ndi shuga caka cino. Kupima BP sikutenga mphindi 5, ndipo inunso mukhoza kupimitsa pa cipatala ca boma ku Nkhotakota, ku St Anne's, kapena pa cipatala cacing'ono ca kufupi ndi kwanu. Ngati amva kuwawa pa cifuwa, kubanika, kapena cizungulire poyenda, aonane ndi dokotala asanayambe. Ngati anapatsidwa mankhwala a BP kapena a shuga, asaleke kumwa poti wayamba kuyenda. Ziwirizi zithandizana, ndipo wocepetsa mankhwala ndi dokotala yekha.

Kwa wokonzeka, njira zace nzapafupi. Atsike minibasi siteji imodzi asanafike, natsirize ndi miyendo. Pa ora la cakudya ca masana azungulire bwalo la mpira, pakuti masana likhala lopanda anthu. Akwere makwerero m'malo mwa cikepe. Anyamuke pa mpando kawirikawiri, akapereke yekha pepala m'malo motuma mesenjala. Alime kadimba ka ndiwo kuseri kwa nyumba ndi manja ace, osalemba waganyu. Koposa zonse apeze mnzace wa m'ofesi momwemo, pakuti munthu anamiza mtima wace mosabvuta, koma acita manyazi kunamiza mnzace amene alikumdikira pa cipata. Ndipo akabwera kumudzi, mpatseni khasu lopepuka, mumleke anyamule cikwama cace.

Za mphwanga uja, mu Febuluwale anandiimbira telefoni, nati wapeza mnzace wa ku ofesi ya malipiro, ndipo ayenda awiri masana, masiku 3 pa sabata. Mu Epulo ndinamfunsa, nayankha motsitsa mau kuti mnzaceyo anamsamutsira kwina, ndipo iye waleka masabata 5. Ndinafuna kumdzudzula, koma ndinagwira lilime, ndinangofunsa kuti, Udzayambanso tsiku liti? Anati Lolemba. Sindinamkhulupirire kwenikweni. Mu Juni anabwera kudzathandiza amace kumweta mpunga. Tinayenda njira yomwe ija; pa mtengo wa mango anacepetsa liwiro, koma sanaime. Lamba wace anali atabwerera bowo limodzi.

Madzulo ace mlongo wanga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, nati, Acimwene, mwanayu waonda; mwamuuza ciani? Ndinamfotokozera za madalaivala a ku London ndi za ngalande. Anamvetsera zonse ali cete, nati, Mwana wanga sindinamphunzitse ndi ndalama za usipa kuti aziyenda pansi ngati mmphawi. Napita kukampha nkhuku yaciwiri.